Kogona kotchipa ku Istanbul: Laleli, Sultanahmet, Taksim kapena kutsidya ku Kadıköy?

Funso ili amandifunsa pafupipafupi, makamaka amayi anzanga a geni amene atopa ndi Dar ndi Joni ndipo akufuna ayeseko kukaoda ku Turkey, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Ine ku Istanbul ndagonako madera anayi osiyana, konseko mahotela otchipa, aja a nyenyezi ziwiri kapena zitatu amene pachithunzi chipinda chimaoneka ngati bwalo la mpira koma ukafika bedi lagunda khoma uku ndi uku. Maina a mahotela sinditchula, hotela yotchipa imasintha ndi manijala, lero yabwino chaka chamawa nsikidzi. Chimene sichisuntha ndi dera, ndipo deralo ndi limene limakudyera ndalama kapena kukupulumutsira.

Tiyambe ndi Laleli ndi Aksaray poti ambirife timathera komweko. Kunena chilungamo kumeneku sikokongola. Ndi msika basi, mashopu a holoselo mpaka m'zipinda za pansi, zikwangwani zambiri za Chirasha chifukwa geni yakumeneku inakula m'ma 1990 Soviet Union itagwa, anthu akubwera ndi zikwama kudzaoda zovala, Aturuki amati bavul ticareti, malonda a m'sutikesi, ndiye ife tinangolowa m'njira yoti anzathu analambula kale. Ubwino wake ndi womwewo, mahotela akumeneku anazolowera anthu ngati ife. Ukalowa ndi majumbo akuda asanu omata selotepi palibe amene amakuyang'ana modabwa, wa pa risepushoni amangokulozera pakona poika, ndipo shopu ikhoza kutumiza mnyamata ndi kangolo kukusiyira katundu pahotela kapena kwa a kago amene maofesi awo ali mbwee m'tinjira tomwemo. Kayeseni zimenezo ku Sultanahmet muone nkhope ya mwini nyumba.

Chachiwiri ndi mayendedwe. Thiramu ya T1 imadutsa pamsewu waukulu wa Ordu Caddesi, ili ndi siteji ya Laleli, ya Aksaray, ndipo mukapitirira nayo mbali ya Bağcılar imakakutsitsani ku Merter komwe kulinso maholoselo a zovala. Mukafuna Osmanbey, kwa madiresi aja amaoneka apamwamba, mumakwera sitima yapansi ya M2 pa Vezneciler kapena pa Yenikapı osasintha pena paliponse. Pa Yenikapı pomwepo palinso Marmaray, sitima ija imadutsa pansi pa nyanja kupita mbali ya Asia kuyambira 2013. Kuchokera ku eyapoti yaikulu basi ya Havaist imafika pa Aksaray, sutikesi amaika kunsi, inu nkumagona. Khadi limodzi la Istanbulkart mumakwerera thiramu, sitima, basi za mutawuni ndi mabwato omwe. Masiku anayi ndinakhala kumeneku osakwera takisi olo kamodzi, ndipo amene anakanganapo ndi wa takisi wa ku Istanbul za mita akudziwa kuti limenelo ndi dalitso.

Koma zoipa ziliponso, musadzati sindinanene. Phokoso la tingolo ndi selotepi limayamba m'mamawa, khwaaa khwaaa pansi pa windo lanu. Fungo la fodya m'zipinda zina linalowerera m'makatani moti olo alembe kuti muno sasuta, mphuno imakuuzani zina. Usiku mashopu akatseka tinjira tina ta mbali ya Aksaray timasanduka ta makalabu, mayi uli wekha sibwino kumangozungulira cha m'ma 11, ine ndimadya msanga nkubwerera. Ndipo kumeneku ndi kumene ndinaphunzira mawu oti bodrum, kutanthauza chipinda cha pansi pa nthaka. Ulendo wanga woyamba ndinasankha chipinda chotchipitsitsa pahotela ina, amati ekonomi, ndikufika mnyamata watenga chikwama, mmalo mokwera tikutsika masitepe, chipinda chapansi penipeni chopanda windo, kachinyezi kununkha ngati nkhokwe ya chimanga chofumbwa. Kudandaula anangondionetsa bukingi yanga pakompyuta, zinalembedwa ndithu timalemba tating'ono, ine sindinawerenge. Ndinaonjezera ndalama kuti andikweze mmwamba, mapeto ake mtengo unafanana ndi hotela ija ndinaikana kuti ndi yodula. Ndiye musanalipire alembereni pa WhatsApp muwafunse zinthu ziwiri, chipinda chili ndi windo loona panja? Lifiti ilipo? Iwo amati asansör.

Sultanahmet ndi masiteji atatu okha kuchokera pa Laleli, Beyazıt, Çemberlitaş kenako mwafika, koma ndi dziko lina. Kumeneku ndi kwa Hagia Sophia, nyumba ya chaka cha 537 imene inabwereranso kukhala mzikiti mu 2020, Blue Mosque moyang'anana nayo, nyumba yakale yachifumu ya Topkapı chapafupi. Mahotela otchipa akumeneku ambiri ndi tinyumba takale tosanjikizana tosandutsidwa hotela, zipinda mwina khumi, ndipo chimene amakukopa nacho ndi denga. Bulekifasi amadyera pamwamba, ukumwa tiyi uku ukuona nyanja ya Marmara ndi zombo zitandandalika kudikira kulowa mu Bosphorus, mpata wa nyanja wolekanitsa Europe ndi Asia, mbalame za kunyanja zikukuzonda buledi. Zimenezo ku Laleli kulibe, kumeneko bulekifasi nthawi zambiri ndi kuchipinda chapansi pansi pa getsi.

Koma taonani pamene pagona nkhani. Zotchipazo sizikhala pamwamba pafupi ndi thiramu ayi, zili kumunsi, cha ku Cankurtaran, Küçük Ayasofya, Kadırga, ndipo misewu yake ndi ya miyala yoyala, yotsetsereka. Pamapu amakuuza mphindi 7 kuchokera pa siteji, zoona ndithu ukamatsika chimanjamanja, nanga pokwera ndi sutikesi ya makilo 23 wina chikwama kumsana? Tayala la sutikesi yanga linatsalira kumeneko. Ukafika pahotela lifiti kulibe, masitepe opapatiza ozungulira ngati nkhono, chipinda chako chili pachitatu, ndipo kumbukirani kuti pansi iwo sawerenga, pachitatu pawo ndiye kuti mukwera katatu kathunthu. Chakudyanso kumeneku ndi cha mitengo ya alendo, anyamata ataima pakhomo ndi menyu kumakuitanira, mbale yomwe ku Aksaray mungadye kawiri. Ngati mwabwera ndi bambo a kunyumba kudzaona malo masiku atatu, gonani kumeneku, simudandaula, usiku kumakhala zii ndipo m'mawa mumafika pamzere wa Hagia Sophia mabasi a alendo asanabwere. Ngati mwabwera kudzaoda, mukungodzizunza. Pakati mpakati pali Sirkeci, kumunsi kufupi ndi doko la Eminönü, kumeneko nkosatsetsereka kwambiri, T1 ndi Marmaray zonse zilipo, ine ndimaona kuti ndi kumene munthu wofuna zonse ziwiri angagone, kungoti mitengo imakwererako pang'ono.

Za azana ya m'bandakucha ena amadandaula ngati ndi vuto la Sultanahmet yokha, aaa, mizikiti ili paliponse mumzindawu, ku Laleli nakonso ulipo waukulu. Wokulira ku Mangochi kapena ku Limbe sangadzuke nazo nkomwe.

Tsono Taksim. Apa ndinena mosabisa, kwa ife ndimaona kuti amangoitchukitsa. Inde Havaist imafikako, M2 ilipo, msewu wa İstiklal anthu pikitipikiti mpaka pakati pausiku ndipo zakudya zotchipa sizisowa. Koma dzina loti Taksim pa intaneti amalimata pa chilichonse. Hotela imalemba Taksim chakuti-chakuti koma ili kumunsi ku Tarlabaşı, kuwoloka msewu waukulu nkutsika chitunda, dera loti masana lilibe vuto kwenikweni koma usiku ndi foni m'manja mtima sukhala m'malo. Zimene zili pafupi ndi İstiklal penipeni ndiye mabala, ng'oma mpaka 4 koloko, ndinagonapo masiku awiri pilo ili kumutu. Azibambo oyenda okha chenjerani ndi anyamata aulemu amene amakupezani pamsewu, kucheza bwinobwino, kenako tiyeni tikamwe kamodzi ndikudziwa malo abwino, bilu yake imabwera yoti mpamba wonse wathera pomwepo, nkhani imeneyi ndi yakale kumeneko koma anthu amagwabe. Nayenso wopolisha nsapato amene amagwetsa bulashi patsogolo panu, isiyeni pomwepo. T1 ku Taksim sifikako, mumatsika ndi kasitima ka F1 kupita ku Kabataş komwe mumaipeza, kapena M2 masiteji atatu mpaka Vezneciler, sizovuta mukakhala opanda katundu, koma sitima ya 6 koloko madzulo ndi majumbo awiri anthu amakuyang'ana ngati waba. Amene Taksim imamukomera ndi amene katundu wake yense amaoda ku Osmanbey, poti ndi siteji imodzi yokha, ameneyo sindimutsutsa.

Kadıköy, kutsidya mbali ya Asia, ndi kumene mtima wanga unakonda koma thumba la nthawi linakana. Kumakhala eni mzinda, msika wa nsomba, tinyumba ta tiyi, palibe wokukoka dzanja kuti ugule kapeti. Bwato lopita ku Eminönü ndi mphindi ngati 20 ndipo mumalipira ndi Istanbulkart yomweyo, ulendo wokoma kuposa maulendo olipira aja amakutsatsa pa doko. Ngati ndege yanu itera ku Sabiha Gökçen, sitima ya M4 imakufikitsani ku Kadıköy mwachindunji. Koma ife odzera ku Addis timatera ku eyapoti yaikulu mbali ya Europe, kutali kwake, ndiye tsiku lililonse bwato, thiramu, kubwerera chimodzimodzi. Kwa wa geni ayi. Kwa mwana wasukulu kapena wobwera kachiwiri kudzangopuma, eya.

Pali zina zimene ndi chimodzimodzi kulikonse mungagone. Bulekifasi yawo amati kahvaltı, buledi wambiri, tchizi choyera chamchere, maolivi, tomato, nkhaka, dzira lowiritsa, jamu, ndi tiyi wakuda m'timagalasi tating'ono wopanda mkaka. Tsiku loyamba umati ichi nchiyani, lachitatu wazolowera, ndipo ndikukulangizani musankhe mtengo wophatikiza bulekifasi chifukwa ukadya bwino m'mawa umafika 3 koloko ndi simit mmodzi, buledi wozungulira wa chitowe uja amagulitsa pa tingolo tofiira. Madzulo funani esnaf lokantası, malo odyera anthu ogwira ntchito, mumangoloza m'mapoto, ndipo muli kuru fasulye ndi pilav, nyemba ndi mpunga abale, ngati kwathu. Kuzungulira Aksaray malo otere ndi ambiri, ku Sultanahmet mpaka usakesake. Madzi akumwa gulani m'mashopu a BİM, A101 kapena Şok, osati a mufiliji ya m'chipinda. Soketi zawo ndi za mabowo awiri ozungulira, pulagi yathu ya mano atatu silowa, adaputala mugule musananyamuke, ine usiku woyamba foni inathima ndili ndi manambala onse a mashopu momwemo. Pasipoti amaifuna pofika chifukwa hotela iliyonse imalembetsa alendo ku polisi, nzabwinobwino, koma akajambula akubwezereni.

Za ndalama, mahotela ambiri amatchula mtengo mu yuro chifukwa lira imagwa ngati kwacha yathu yomwe, ndiye funsani kuti mukalipira mu lira awerengera pa reti yanji, ndiponso ngati msonkho wogona umene unayamba mu 2023 pa 2 peresenti uli kale mumtengomo. Ndalama musasinthe zambiri pa eyapoti, maofesi olembedwa döviz cha ku Grand Bazaar ndi Laleli amapatsa bwino. China chimene chimagwetsa anthu ambiri, pa Booking.com mukakhala mkati mwa Turkey simungabukire hotela ya m'dzikomo, khoti linaletsa kuyambira 2017. Ndiye nzeru ija yoti ndibuka usiku umodzi ndikaone kaye kenako ndikabuka kwina ndili konko imavuta, mumayenera kuyenda nokha khomo ndi khomo, ngakhale ku Laleli zimenezo sizoopsa, mahotela ndi oyandikana ndipo ukanena kuti ukhala masiku asanu ulipira kashi amatsitsa, mwezi wa Januwale kukuzizira ndiye amachita kukunyengerera. Nthawi yozizirayo funsani ngati hita ikugwira ndi madzi otentha ngati amatuluka tsiku lonse, Julaye ndi Ogasiti funsani za klima, ndiye eyakoni, chifukwa chipinda chaching'ono chopanda mpweya kutentha kwake ngati ku Nsanje. Ndipo chichitikireni moto wa pahotela ya ku Kartalkaya, ku Turkey komweko, mu Januwale 2025 umene unapha anthu 78, ine ndikangolandira kiyi ndimayamba ndaona kaye kuti masitepe othawira ali mbali iti ndipo chitseko chake sichokhoma.

Mahositelo ogona anthu sikisi chipinda chimodzi ndi otchipa kuposa zonsezi, ambiri ali ku Sultanahmet ndi Taksim, koma munthu wanyamula mpamba wa madola m'chiuno ungagone tulo pakati pa anthu osawadziwa? Ine ayi. Chimene ndinayesa ulendo wathawu ndi apart otel, tinali amayi atatu, kachipinda kokhala ndi kakhitchini kumunsi kwa Laleli kulowera ku Kumkapı komwe kumakhala anthu ambiri ochokera ku Africa. Titagawana mtengo aliyense analipira zochepa kuposa chipinda cha yekha. Za Airbnb samalani, kuyambira 2024 lamulo limafuna kuti mwini nyumba akhale ndi chilolezo, ndiye apart yokhala ndi risepushoni ndi chikwangwani pakhomo ndiyo ndimaikhulupirira. Vuto linali chitunda chokwera kupita ku Ordu Caddesi m'mawa uliwonse ndi shawa imodzi anthu atatu, koma tsiku lachinayi mnzathu wina anatulukira ndi paketi ya mısır unu, ufa wachikasu wa chimanga umene amagulitsa m'mashopu momwemo, tinaphika nsima m'kapoto ka tiyi ndi supuni yachitsulo poti mthiko munalibe, ndiwo zake nyemba zogula pa lokanta ya pakona. Inatuluka yachikasu ngati ya nthawi ya njala ija koma inatha yonse. Ulendo uno mthiko ndalongedza kale, uli m'thumba limodzi ndi adaputala.