Chitsulo cha maginito chopachikapo matchizulo n'chabwino, koma musachikhome momwe chabwerera

Amisiri anzathu amene muli kuno ku Joni, ndemanga iyi ndi ya zinthu ziwiri zosungiramo matchizulo zimene zimapezeka m'mahadiweya ambiri a mu Johannesburg. Choyamba ndi chitsulo cha maginito chokhoma pakhoma, chotalika masentimita 45, chija chakuda chokhala ndi mizere iwiri ya chitsulo ndipo maginito ali pakati. Chachiwiri ndi thumba lopinda la kanivasi la zipinda 12. Zonsezi zilibe dzina la kampani yodziwika. Tazigwiritsa ntchito m'galaja ya malata, dzinja ndi nyengo yozizira yomwe. Chitsulocho tikuchipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu chikakhala momwe chachokera m'katoni, ndipo zinayi mukachikonzera pokhalira monga tifotokozere m'munsimu. Thumba nalo nyenyezi zitatu, chifukwa ndi lonyamulira basi, si losungiramo.

Ubwino wa chitsulochi ndi woti chimachotsa matchizulo m'dirowa. Tchizulo lonoledwa bwino, la madigiri 25 kapena 30, kukamwa kwake n'kopyapyala kwambiri moti likangogundana ndi linzake kapena ndi fayilo limabenthuka, ndipo kuchotsa pobenthuka pamafuna kudya chitsulo chambiri pamwala. Pakhoma lililonse lili palokha, mumaliona, ndipo likasowa mumadziwa madzulo omwewo chifukwa pamalo pake pali mpata. Kwa amene mumagwirira ntchito pamodzi awiri kapena atatu m'galaja imodzi, zimenezi n'zothandiza ndithu.

Chithunzi cha pakatoni chimaonetsa zida zambiri zothinana. Musachikhulupirire. Mukachotsa mbali ziwiri zomangira ma screw, malo amene maginito akugwiradi ndi masentimita pafupifupi 40. Chigwiriro cha tchizulo chimakhala chonenepa mamilimita 30 mpaka 35, ndipo zala zanu zimafuna polowa, choncho kuchoka pakati pa chigwiriro china kufika pakati pa chinzake pakhale mamilimita 45 kapena 50. Apo ndiye kuti pakwana matchizulo 8, mukakakamiza 9. Seti ya masiku onse ya matchizulo a mamilimita 6, 10, 12, 16, 20 ndi 25 m'lifupi imakwana bwino n'kutsala malo awiri.

Vuto lalikulu lili pa kagwiridwe. Maginito amakoka mwamphamvu mukamazula tchizulo molunjika kwa inu, koma potsetsereka kupita pansi mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, chifukwa chimene chikuliletsa kutsika ndi kukhuzana kwa zitsulo ziwirizo basi. Ndiye taganizani: tchizulo labwino limakhala losalala kumsana, mbali yake yafulati ija, ndipo inu mwalipaka mafuta oteteza dzimbiri. Matchizulo a 16 mpaka 25 amagwirika bwino popeza chitsulo chokhudza maginito n'chachikulu. La 6 limakhudza pang'ono, chigwiriro chimalemera kuposa chitsulo, ndipo limapendekera mpaka kugunda linzake. Matchizulo a mortise, ojintcha aja obowolera mabowo a majointi, ndi olemera koma opapatiza, ndiye ndi amene amatsika msanga. Ngati benchi yanu yagundana ndi khoma lomwelo, nyundo iliyonse imene mukumenya imagwedeza chitsulocho pang'onopang'ono, ndipo tchizulo limafika pogwa pasimenti.

Mankhwala ake ndi osavuta: maginito asanyamule kulemera kwa tchizulo, ntchito yawo ikhale kungoliimika. Dulani plywood ya mamilimita 18, masentimita 50 m'litali ndi 35 m'lifupi. M'munsi mwake mangani kathabwa ka paini ka mamilimita 22 ndi 44, kogona chafulati ngati kashelefu, ndi guluu komanso ma screw atatu olowera kumbuyo. Musanakamange, kabowoleni timaenje takuya mamilimita 10 ndi biti ya Forstner ya 35, yomwe ija mumabowolera mahinjesi a makabati a kukhitchini, motalikirana mamilimita 48. Chigwiriro chimakhala m'kadzenjemo, kukamwa kuloza kumwamba. Chitsulo cha maginito chikhale pamwamba, pamalo poti chikhudza tchizulo masentimita 4 kapena 5 kuchokera kukamwa. Kwa matchizulo otalika masentimita 25 mpaka 27, apo ndi pafupifupi masentimita 20 kuchokera pakashelefu, koma yezani ndi lalifupi kwambiri mwa anuwo.

Pali kanthu kamene ambiri amakaiwala apa. Chigwiriro n'chonenepa kuposa chitsulo, ndiye tchizulo likaima m'kadzenje, msana wake umatalikira plywood mamilimita pafupifupi 20, pamene chitsulo cha maginito n'chokhuthala mamilimita 12 kapena 13. Mukachimanga mwachindunji, tchizulo lidzakhudza mzere umodzi wokha n'kumapendama. Ikani kachidutswa ka plywood ya 6 kumbuyo kwa chitsulocho kuti msana ugone pa mizere yonse iwiri. Pomaliza, pamwamba pa bolodi mangani kathabwa kena ngati khonde, sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa tchizulo lalitali kwambiri. Kathabwa kameneka tikukaumirira. Kukamwa koloza kumwamba kopanda chotchinga kumacheka mkono wa munthu amene akufikira chinthu pashelefu yapamwamba, ndipo bala la tchizulo lakuthwa limalowa kwambiri. Ngati pakhomopo pali ana, bolodi likhale m'kabati yokhoma kapena galaja izitsekedwa ndi loko.

Ma screw ndi ma plug amene amabwera m'katoni ndi aafupi, ndipo pulasitiki yake ndi yofewa. Makoma ambiri a kuno ndi a njerwa okhala ndi pulasitala wokhuthala sentimita imodzi ndi theka kapena kuposa, choncho plug yaifupi imagwira pulasitala yekha. Ma screw amenewo agwiritseni ntchito pomanga chitsulo pa plywood. Bolodi lenilenilo likhomeni ndi ma plug a 8 ndi ma screw a 5 ndi 60, awiri pamwamba, mmodzi pansi. Bowolani m'njerwa, osati mumzere wa simenti, ndipo fumbi likhala lofiira mukalowa m'njerwa yowotcha. Musabowole molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi kapena switchi, chifukwa mapaipi a mawaya nthawi zambiri amadutsa momwemo. Ambiri a ife timachita lendi, ndipo eni nyumba sakonda mabowo. Ngati ndi choncho, talikitsani plywood n'kuimanga kumbuyo kwa benchi, koma dziwani kuti kugwedezeka kuchuluka, ndiye timaenje tija tikhale takuya mamilimita 15.

Mizere ya chitsuloyi imakanda. Msana wa tchizulo ndi mbali imene mmisiri amavutikira kuisalaza mpaka kuwala, ndipo mukamakoka tchizulo mokhwekhwereza, mikwingwirima imabwerera. Matani masking tape mzere umodzi pamwamba pa chitsulocho n'kumasintha ikada. Musamate kawiri kapena katatu, chifukwa mphamvu ya maginito imachepa msanga mpata ukangokula pang'ono. Pochotsa, gwirani chigwiriro, pendeketsani tchizulo m'mbali kuti msana usiyane ndi maginito, kenako tukulani. Pobwezera, chigwiriro chiyambe kulowa m'kadzenje, chitsulo chigone pambuyo pake mofatsa. Mukalisiya kuti maginito alikoke lokha limamenya mwamphamvu.

China chimene katoni sanena: pakapita nthawi matchizulo amatenga maginito. Chitsulo sichifewa ayi, ndipo kuthwa sikuchepa chifukwa cha zimenezi, koma ponola mudzaona tizitsulo tating'ono tikuima kukamwa ngati ndevu. Tizitsulo timeneti timachoka pamwala wokhakhala kupita pamwala wosalala, n'kukanda kumene mukufuna kuwalitsa, ndipo timakulepheretsani kumva ndi chala ngati kukamwa kwapindikira kumsana. Pukutani ndi nsalu nthawi iliyonse mukamasintha mwala. Kachipangizo kochotsera maginito kamene amagulitsa pamodzi ndi masikuludiraiva kamathandiza pa matchizulo ang'onoang'ono, koma akuluakulu salowamo. Amene mumanola kawirikawiri ndipo izi zikukunyansani, chotsani maginito, m'malo mwake muike kathabwa kocheka timipata tolowa chitsulo. Bolodi lonse likhalabe momwemo.

Tikambe za dzimbiri, poti apa ndi pamene amisiri ambiri a kuno amanyengeka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wouma poyerekeza ndi Durban, ndiye anthu amaganiza kuti zida sizichita dzimbiri. Zimachita. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo kumagwa mvula ya mabingu masana, nthawi zina ya matalala. Galaja ya malata imazizira usiku, m'mawa dzuwa likamenya malata mpweya wachinyezi umatentha msanga pamene chitsulo chikadali chozizira, ndipo madzi amatuluka pachitsulocho. Tchizulo lopachika poyera limalandira zonsezi, makamaka likakhala pakhoma lakunja loyang'ana kummwera, limene dzuwa silifikako kwenikweni. Sankhani khoma lamkati, kutali ndi chitseko ndi zenera, ndipo plywood ija imathandizanso kulekanitsa zida ndi njerwa zonyowa.

Choopsa kuposa mvula ndi mankhwala a swimming pool. Ambiri a ife shopu yathu ili m'galaja kapena m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, momwe mumasungidwanso kolorini ndi asidi wa m'pool. Asidi ameneyu ndi hydrochloric, ndipo nthunzi yake imatuluka ngakhale botolo lili lotseka. Zitsulo zonse za m'chipindamo zimachita dzimbiri lofiirira paliponse, ngakhale nyengo yopanda mvula. Mafuta sathetsa vutoli. Mankhwalawo apite kwina, ndipo akalephera kuchoka, chitsulo cha maginito musagule n'komwe, matchizulo akhale m'bokosi lotseka bwino kuchipinda china.

Popaka, mafuta a makina osokera ndi okwanira: madontho awiri kapena atatu pakansalu, pukutani mbali zonse mukaweruka. Phula la pansi monga Cobra limakhalitsa, mukapaka pang'ono n'kupukuta likauma. Mafuta ophikira ayi, amamata n'kuyamba kununkha. Zopopera zokhala ndi silicone ayinso, chifukwa zikafika pathabwa vanishi amakana kugwira n'kusiya timabowo. Dzimbiri likayamba, lichotseni tsiku lomwelo ndi sandipepa wa madzi wa 400 kenako 600, mutadontheza mafuta, pepalalo litagona pagalasi kuti msana usapindike. Dzimbiri la kumsana pafupi ndi kukamwa ndilo loipitsitsa, popeza limakumba timaenje, ndipo kunola kukafika pakadzenje kalikonse kukamwa kumakhala ndi mpata umene umasiya mzere pathabwa.

Nyengo yozizira ili ndi lake vuto. Mu Juni ndi Julayi mpweya umauma kwambiri, mitengo imanyala. Matchizulo amene chigwiriro chake chimangolowa m'chitsulo chooneka ngati fanulo, popanda guluu, amakhwefuka nthawi imeneyi. Mukalinyamula ndi chigwiriro, chitsulo chimatsala pamaginito kapena kugwera kuphazi. Menyani kumapeto kwa chigwiriro pabenchi kamodzi musanalipachike kapena kuligwiritsa ntchito, ndipo mtundu umenewu musaupachike pa shelefu yolendewetsa ndi chigwiriro.

Za thumba la kanivasi sitichulutsa. Kwa amene mumakwera taxi ku Noord kapena ku Bree kupita kukaika makabati kapena zitseko, n'lothandiza: limapindika, limalowa m'chikwama, ndipo palibe chakuthwa chimene chimaonekera kapena kubaya mnzanu pampando. Nsalu yake ndi yolimba ndithu. Ulusi ndi umene uli wofooka, ndipo pansi pa zipinda palibe chokhuthalitsa, moti tchizulo la 6 kapena 10 likalowa ndi kukamwa limaboola. Lowetsani chigwiriro m'chipinda, kukamwa kukhale kunja pansi pa chivindikiro, ndipo kulikonse kuvale chipewa. Zipewa za pulasitiki zobwera ndi seti zikasowa, dulani paipi yothirira maluwa masentimita 4 ya matchizulo aang'ono, ndipo aakulu apindireni katoni yokhuthala n'kuimanga ndi tepi. Zipinda 12 zikadzaza zonse thumba silitsekeka, lamba wake safika. Asanu ndi limodzi, molumpha chipinda chimodzichimodzi, ndi amene amapindika bwino.

Kanivasi imamwa chinyezi n'kuchisunga pafupi ndi chitsulo. Thumba likanyowa ndi mvula panjira kapena likakhala pasimenti yatsopano kumalo a ntchito, tulutsani zonse mukangofika, pukutani, thumbalo liyanikeni lotambasula. Ena amati bola lachikopa. Chikopa sichibooka msanga, zoona, koma nachonso chimasunga chinyezi, ndipo mankhwala ofufutira zikopa amatha kudetsa chitsulo chikakhalamo nthawi yaitali. Lililonse mwa awiriwa, matchizulo agonemo usiku umodzi kapena iwiri ya ntchito ya kutali, Loweruka abwerere pabolodi atapakidwa mafuta.