Maminibasi a msewu wa Blantyre mpaka Nsanje: kuunika kwa amakanika

Pa msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, minibasi simuyisowa. Uwu ndiye ubwino wake waukulu ndipo tisaupeputse. Imakutengani pakhomo, imanyamula thumba la chimanga ndi dengu la nsomba, imaima paliponse pamene mwakweza dzanja. Kwa munthu wopita ku chipatala cha boma kapena kumsika, chithandizo chimenechi n'chenicheni.

Koma za nthawi, muiwale. Galimoto imanyamuka ikadzaza. Masana, anthu akachepa, mutha kukhala pa siteji ya Nchalo injini ikulira, oitanira akukuwa, mkati mukutentha ngati mu uvuni. Chowawa kwambiri ndi kugulitsidwa: mwalipira mpaka ku Nsanje, koma pofika pa Ngabu kapena Bangula mwatsala anthu anayi, kondakitala akukusamutsirani m'galimoto ina kuti iwo atembenuke. Kumeneko mumayambiranso kudikira.

Gwero la zonsezi ndi pangano la pakati pa mwini galimoto ndi dalaivala. Ambiri amagwirizana pakamwa kuti madzulo dalaivala abweretse ndalama yakutiyakuti, imene amaitcha tageti. Mafuta, chakudya ndi ya oitanira zimachoka pa zotsala. Ndiye tangoganizani: tsiku limene galimoto ili ku galaja, mwini sapeza kanthu, dalaivala naye ana ake agona ndi njala. Palibe amene amapindula ndi sevisi. N'chifukwa chake pampando wa anthu atatu pamakhala anayi, ndipo galimoto imakonzedwa ikafa basi.

Pamene izi zimaonekera poyera ndi pa phiri la Thabwa. Blantyre ili pamwamba pa mamita pafupifupi 1,000, Chikwawa ili pafupi mamita 100 okha, ndipo kutsika kwakukulu kumachitika m'makhota otsatizana. Dalaivala wofuna kusunga mafuta amachotsa giya n'kumatsika ndi mabuleki okhaokha. Mapadi a mabuleki amatentha, mumamva fungo la kupsa, kenaka buleki imayamba kufewa. Chimachitika n'choti mafuta a mabuleki akakalamba amayamwa chinyezi, ndipo akatentha amawira. Phazi limaponda mpweya m'malo mwa mafuta, pedulo n'kufika pansi. Mankhwala ake ndi osavuta: kutsika ndi giya 2 kapena 3 kuti injini igwire galimoto, kusintha mafuta a mabuleki zaka 2 zilizonse, ndi kusintha mapadi akatsala mamilimita 3. Wokwera ali ndi ufulu wouza dalaivala mwaulemu kuti, achimwene, ikani giya.

Pokwera phiri lomwelo vuto limasamukira ku injini. Mu Okutobala ndi Novembala chigwa chino kutentha kumapitirira madigiri 40. Ambiri amathira madzi a pa mjigo mu rediyeta m'malo mwa coolant, mankhwala oziziritsa injini, ndipo mchere wa m'madzimo umatseka timapaipi pang'onopang'ono. Ena amachotsa thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, poganiza kuti athetsa vuto, chonsecho angolibisa. Mapeto ake ndi gasiketi yopsa ndi anthu okhala pamwala m'mbali mwa msewu. Matayala nawo ambiri ndi a kaunjika. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2316 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2016. Tayala lokalamba chotero, pa phula lotentha, ndi katundu wopitirira muyezo, limaphulika ngakhale mapanga ake akuoneka bwino.

Za utsi sitichedwapo. Utsi wakuda pa injini ya dizilo umatanthauza sefa ya mpweya yodzaza fumbi kapena mainjekita (zopopera dizilo mu injini) otha, nthawi zina dizilo wa m'zigubu wosakaniza ndi palafini. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Galimoto yofuka imamwanso mafuta ambiri, kotero mwini amene akuthawa mtengo wa sefa akulipira kawiri pa pampu.

Nanga magalimoto osaononga mpweya amene akukambidwa m'mizinda? Chigwa chino chili ndi gawo lake kale: fakitale ya PressCane ku Chikwawa imapanga ethanol kuchokera ku molasesi wa nzimbe, ndipo petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol. Minibasi ya petulo yosamalidwa bwino ndi poyambira pabwino. Basi yamagetsi ili ndi chinthu chimodzi chokoma kwambiri pa msewu uno: potsika phiri mota ndiyo imagwira galimoto n'kubwezera mphamvu mu batire, mapadi osapsa. Koma batire imakalamba msanga ndi kutentha, ndipo malo otchajira amafuna magetsi odalirika komanso mtunda umene madzi osefukira safika. Tonse tikukumbukira kuti namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaimitsa siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira, ya mamegawati pafupifupi 130, kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu. Ife tikuona kuti koyambira ndi maulendo afupiafupi, monga Dyeratu mpaka Nchalo, ndi tchaja yothandizidwa ndi sola.

Komabe palibe mwini minibasi amene angagule galimoto yodula chotero pa ndalama ya tageti. Amene anakwera mabasi akale a United Transport Malawi (UTM), Stagecoach ndi Shire Bus Lines amadziwa kuti basi yoyendera nthawi ndi yotheka. Chofunika ndi pangano lolembedwa. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, mogwirizana ndi a Road Traffic ndi eni maminibasi, atha kupereka msewu kwa gulu la eni kwa zaka zingapo, zokwanira kubweza ngongole ya galimoto. M'panganomo mulembedwe nthawi yonyamukira, malipiro a pamwezi a dalaivala, buku la sevisi loti aliyense woyendera aone, ndi chilango cha kugulitsa okwera panjira. Msewu wa phindu wa M1 uperekedwe pamodzi ndi wovuta wa kutsidya kwa Shire, wa Thabwa, Livunzu, Masenjere mpaka Fatima, kuti wopeza mnofu atengenso fupa. Kupanda apo anthu a ku East Bank apitiriza kudalira matola ndi kabaza.

Pakadali pano, kwerani m'mamawa pamene galimoto zimadzaza msanga ndipo phula lisanatenthe. Yang'anani matayala ndi pepala la COF, losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, pagalasi musanakwere, ndipo mugwirizane ndi kondakitala kuti akufikitsani kumene mwalipirira.