Koleji, gulu la ku laibulale kapena foni: Chingerezi mungachinolere kuti ku England?

Mmalawi akafika ku England nthawi zambiri sayambira pansi. Chingerezi anachiyamba ali ku pulayimale, kalata amalemba, fomu amadzaza yekha. Chomwe chimamugwetsa ndi khutu: munthu wa ku Newcastle kapena ku Liverpool akayankhula pa foni, mawu amangodutsa ngati minibasi yodzadza kale. Koma alipo enanso, amayi kapena abambo amene anabwera potsatira banja, ena anasiyira sukulu pa Sitandade 6, ndipo iwowa akufunika maziko enieni. Anthu awiriwa akalowa khomo limodzi, mmodzi ataya nthawi.

Makalasi a ESOL (Chingerezi cha anthu oyankhula ziyankhulo zina) a m'makoleji monga Leicester College ndi Leeds City College, komanso a makhonsolo ndi a bungwe la maphunziro a akuluakulu la WEA, ndiwo sukulu yeniyeni. Amayamba akuyesani kuti aone pamene muli, kenako amakuikani pa gawo lanu: Entry 1, Entry 2, Entry 3, Level 1 kapena Level 2. Mphunzitsi ndi wophunzira ntchito yake, pali kaundula, pali homuweki, ndipo pamapeto pali mayeso a kuwerenga, kulemba, kuyankhula ndi kumvetsera, ndi satifiketi yochokera ku mabungwe ngati Trinity College London kapena City & Guilds. Kwa munthu amene cholembera chimamulemera, palibe njira yoposa iyi. Ndi pano pokha pamene wina adzakhala pansi ndi ndime yanu n'kukulozerani pamene mneni wapindika, ndipo satifiketiyo imakutsegulirani makosi ena pa koleji yomweyo.

Chovuta ndi malo komanso nthawi. Kulembetsa kwakukulu kumachitika kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, ndipo m'mizinda yambiri mukachedwa dzina lanu limangokhala pa mndandanda wa odikira. Mukapeza malo, kalasi imafuna muzipezeka masiku omwewo sabata iliyonse. Nanga amene amasamalira okalamba, amene mashifiti ake amasintha sabata ndi sabata, lero usiku mawa m'mawa, akwanitsa bwanji? Akajomba kangapo, malo amapita kwa wina. Za ndalama, amene sali pa ntchito kapena amalandira malipiro ochepa amatha kuphunzira ulere kudzera mu thumba la boma la Adult Skills Fund, koma zimatengera viza yanu ndi dera lomwe mukukhala, poti London, Greater Manchester ndi West Midlands amayendetsa okha thumba lawo. Chimodzi chomwe anthu ambiri amachiopa pachabe: chiletso cholembedwa pa viza chakuti musalandire thandizo la boma chimanena za zinthu ngati Universal Credit, osati maphunziro. Pitani ndi mapepala anu ku koleji akaone okha.

Magulu ochezera Chingerezi a m'malaibulale, m'matchalitchi ndi m'maholo a m'dera ndi nkhani ina. Ambiri ndi aulere, safuna mapepala, ndipo mukalephera kubwera sabata ino palibe wokufunsani. Taganizani tebulo limodzi, ketulo ya tiyi pakona, anthu ochokera ku Sudan, Afghanistan, Hong Kong ndi Ukraine, ndi gogo wopuma pa ntchito amene wadzipereka kutsogolera. Lero akuti tiyeseze kuimbira foni kwa GP, dokotala wa m'dera. Gogoyo akukhala wa pa kauntala, akufunsa tsiku lobadwa, positikodi, chomwe chikukupwetekani, akuyankhula mwa liwiro lake la masiku onse ndi katchulidwe ka m'deralo. Mukamupempha abwereze, amabwereza mosanyinyirika. Zimenezi wa pa kauntala weniweni pa 8 koloko m'mawa, mafoni akulira, sangakuchitireni.

Kwa Mmalawi wa MSCE, ine ndimati gulu lotere limaposa koleji, ndipo limaposa kutali. Galamala muli nayo kale. Chomwe mukusowa ndi kumva anthu a m'tauni yanu ndi kuchotsa manyazi a pakamwa. Komabe tisabise: magulu ena ndi ofooka. Wotsogolera si mphunzitsi, zolakwa zanu amangozimwetulira, ndipo gulu likakhala ndi oyamba kumene ambiri, ola lonse limathera pa mayina a zipatso. Palibe satifiketi. Mukapita kawiri katatu n'kuona kuti ndinu amene mukuphunzitsa anzanu, sakani lina. Komanso musakhale moyandikana ndi mnzanu wa kumudzi, chifukwa mphindi zisanu sizitha musanayambe za mtengo wa feteleza m'Chichewa.

Za pa foni sindichedwapo. BBC Learning English ndi LearnEnglish ya British Council ndi zaulere ndipo n'zabwino pomvetsera muli m'basi kapena pa nthawi yopuma usiku. Duolingo imathandiza oyamba kumene kuloweza mawu. Koma foni sikudulani mawu pakamwa, sikufunsani funso lomwe simunaliyembekezere, ndipo m'mene imayankhulira si m'mene amayankhulira woyendetsa basi wa ku Bradford. Ndi chowonjezera chabe.

Tsono pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Satifiketi ya ESOL ya ku koleji, ngakhale mutakhoza bwino Entry 3, si imene a Home Office, unduna woona za maviza, amafuna. Iwo amafuna mayeso otchedwa SELT, olembedwa pa malo ovomerezeka a Trinity College London, IELTS, LanguageCert kapena Pearson, ndipo amenewa mumalipira nokha. Pa viza ya banja amafuna Chingerezi cha gawo loyambira la A1 polowa, A2 powonjezera patatha zaka ziwiri ndi theka, ndi B1 popempha chilolezo chokhala mpaka kalekale kapena unzika, kuphatikizapo mayeso a Life in the UK a mafunso 24, omwe muyenera kukhoza 18. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake zimakhululukidwa mayesowa, ngakhale Chingerezi chili chiyankhulo cha boma kwathu. Amene ali ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi atha kuitsimikizitsa ku bungwe la Ecctis m'malo mwa mayeso. Manesi ofuna kulembetsa ku NMC, bungwe loyang'anira manesi, mayeso awo ndi IELTS kapena OET, ndipo pamenepo gulu la ku laibulale silingawafikitse. Akufunika kosi yokonzekera mayesowo. Malamulo a viza akusinthasintha masiku ano, choncho onani pa gov.uk musanalipire kalikonse.

Mayeso a B1 a Trinity, otchedwa GESE Grade 5, ndi oyankhula ndi kumvetsera basi, pafupifupi mphindi khumi ndi woyesa mmodzi, ndipo mbali ina mumakamba za mutu umene mwasankha nokha. Palibe kulemba nkhani. N'chifukwa chake munthu amene wakhala akucheza pa tebulo la ku laibulale miyezi ingapo amalowamo mtima uli m'malo, pamene wodziwa galamala koma wosazolowera kutsegula pakamwa amachita chibwibwi. Zotsatira zake zimagwira ntchito kwa zaka ziwiri, ndiye werengerani tsiku lomwe mudzatumize fomu yanu musanasungitse malo.