Google Fonts pa magazini ya nyimbo ya ku Chigwa cha Shire

Google Fonts ndi nkhokwe ya pa intaneti ya mafonti, kapena kuti mitundu ya kaonekedwe ka zilembo, yomwe Google inatsegula mu 2010. Mafonti ake ndi aulere, ndipo ambiri ali ndi chilolezo cha SIL Open Font License, choncho mutha kusindikiza nawo magazini yogulitsa osalipira kanthu. Mukawatsitsa kamodzi n'kuwaika mu kompyuta, safunanso bandulo. Kwa wopanga kamagazini ka nyimbo ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula, apa m'pabwino zedi. Povuta m'pakuti mafontiwo ndi oposa 1,000, ndipo palibe chokuuzani kuti woyenera owerenga anu ndi uti.

Yambirani kwa owerengawo. Ngati magazini ndi ya achinyamata okonda dansi ndi nyimbo zam'tauni, mitu imafuna zilembo zonenepa, zazitali, zooneka munthu akadali patali ndi benchi yogulitsira. Mafonti a Anton ndi Oswald amagwira bwino ntchitoyi. Bebas Neue nayenso ndi wokongola, koma ali ndi zilembo zazikulu zokhazokha, ndiye asapitirire pa mutu. Ngati owerenga ndi a makwaya, kapena akuluakulu ofuna nkhani za ulimba ndi utse, Merriweather kapena Lora amapereka ulemu woyenera. Pa mawu a nyimbo oti anthu aziimba akuwerenga, Andika alibe mnzake. Anamupanga a SIL, bungwe loona za zilankhulo, poganizira ongophunzira kumene kuwerenga, ndipo I wamkulu, l wamng'ono ndi 1 sizisokonezana.

Chimene ambiri amachiphonya ndi kachizindikiro ka mu ng', m' ndi n'. Pa mafonti opyapyala m'mbali, mukathinitsa zilembo kuti mutu ukwane, kachizindikiroka kamabisala pakati pa g ndi o. Mwalemba NG'OMA, wowerenga akuona NGOMA, ndipo nkhani ya chida choimbira yasanduka ya gule wa Angoni. MANG'ANJA amaonongekanso chimodzimodzi. Apa Google Fonts ikuyenera kuyamikiridwa, chifukwa ili ndi bokosi lomwe mumalembamo mawu anu n'kuwaona m'mafonti onse musanatsitse. Lembanimo "Mang'anja, ng'oma, Malaŵi, Moçambique, São". Ŵ mudzamufuna pa mayina ena ndi nyimbo za Chitumbuka, pomwe ç ndi ã n'zofunika polemba za oimba a kutsidya kwa malire, ku Mutarara ndi Morrumbala ku Mozambique. Chilembo chikaoneka chosiyana ndi zinzake, kapena pakabwera kabokosi kopanda kanthu, fontiyo musiyeni.

Pa mawu a m'kati mwa nkhani, ikani saizi 10.5 kapena 11, mpata wa mizere 13 kapena 14. Mawu a Chichewa ndi a Chisena amatalika. Pa tsamba la A5, lija la kupinda A4 pakati, mukagawa nkhani m'zigawo zitatu n'kuwongola mbali zonse ziwiri, mawu ngati "sindidzakuiwalaninso" amasiya mabowo m'mizere. Chigawo chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira, ndipo wongolani kumanzere kokha. Zimitsaninso kudula mawu kochita yokha kompyuta, chifukwa kumatsata Chingerezi, kumalekanitsa m ndi b kapena n ndi g.

Playfair Display amakopa pa sikirini, koma sindimulimbikitsa konse kuno. Timizere take n'topyapyala kwambiri, ndipo pa pepala wamba la fotokope (80 gsm), makina a fotokope akayamba kutha tona, timizereto timaduka, e n'kufanana ndi c. N'chimodzimodzi zilembo zoyera pa chithunzi chakuda: zikachepera saizi 10, kapena zikakhala za mtundu wa Light, tona amazimeza. Sindikizani tsamba limodzi loyesera pa makina omwewo amene adzasindikize magazini yonse, mulione panja padzuwa, kenako m'nyumba madzulo. Mafonti awiri akwana pa magazini yonse, wa mitu ndi wa nkhani.

Chondidandaulitsa pa Google Fonts ndi mafayilo otchedwa variable, omwe amaika kunenepa konse kwa fonti mu fayilo imodzi. Mapulogalamu akale, omwe akadali ambiri m'malo osindikizira, sawamva bwino mafayilowa, ndipo mumapeza Bold sakuoneka. Tsegulani zipi yomwe mwatsitsa, mulowe mu foda yolembedwa static, muike mafayilo a m'menemo limodzilimodzi.

Popita kosindikiza musatenge fayilo ya Word kapena CorelDRAW yokha pa fulashi. Kompyuta ya kumeneko ikakhala ilibe Oswald, imaika fonti ina m'malo mwake, mitu n'kusefukira tsamba lina. Tengani PDF yokhala ndi mafonti mkati. Mu CorelDRAW sungani kaye fayilo ina yoti mudzakonzeremo zolakwika, kenako sankhani mawu onse n'kudina Ctrl+Q kuti zilembo zisanduke zojambula.