Kashopu ka mapepala pa Kamuzu Road: sikani ndi yabwino, koma za "tikudzutsirani fayilo ku America" musamvere

Anthu angapo akhala akundifunsa za kashopu kena ka mapepala pa Kamuzu Road pano pa Salima, kaja kanalemba pakhoma kuti timathandiza za viza, DV (maere aja opitira ku America) ndi mafomu onse akunja, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Ndapondako maulendo asanu ndi awiri kuyambira mwezi wa Meyi ndiye zomwe ndikunenazi si zakumva ayi.

Nkhani yake ili chonchi. Achemwali anga ali ku Indiana ku America, anapita ndi DV, green card, chiphaso chokhalira kumeneko mokhazikika, akhala nayo zaka 5 zokwanira ndiye chaka chatha analemba fomu yopempha unzika, ija amati N-400, analipira $710 poti anachita pa intaneti, ukatumiza yapepala ndi $760. Anaitanidwa kukadinda zala ndi kujambulidwa, zonse bwinobwino, kenako zii. Miyezi kumapita, akalowa mu akaunti yawo mawu ndi omwe aja, fayilo ikuunikidwabe. Ataimba foni anangouzidwa kuti kafukufuku wa mbiri yawo sanathe.

Mwina mukuti nanga iwe wa ku Salima zikukukhudza bwanji. Zikundikhudza kwambiri, chifukwa kumeneko munthu wa green card amaloledwa kuitanitsa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osakwatira basi, kholo ayi, kholo mpaka ukhale nzika komanso ukhale wazaka 21 kupita m'mwamba. Ndiye mayi athu ali ku Senga Bay uko ndi shuga wawo, zidzukulu ziwiri amangoziona pa WhatsApp, wamng'onoyo mpaka amawatcha agogo a mufoni. Yongokacheza nayonso inalimba, mu Ogasiti 2025 Amalawi ndi anzathu a ku Zambia anatiikira chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000 kuti upatsidwe viza yocheza, ndalama zimenezo kwathu kuno ungagulitse usipa wa nyanja yonse. Ndiye tonse maso anali pa unzika wa achemwaliwo.

Ndiyambe ndi zabwino poti zilipo ndithu. Achemwali anati pomwe tikudikira tisonkhanitsiretu mapepala a mayi, chitupa cha unzika, pasipoti, kalata yaukwati, satifiketi zakubadwa, zonse zikhale pa kompyuta tsiku likadzafika tisadzathamange. Ndinatenga kabaza ndi envulopu yanga ya khaki mpaka pashopupo. Pakauntala pamakhala mtsikana wina wodekha, ameneyo ntchito amaidziwa, amayamba wapukuta galasi la makina ndi kansalu, pepala lopindika amaliwongola ndi chikhatho asanaliike, akasikana amakuonetsa pa sikirini kuti onani ngati mawu onse akuwerengeka. K500 tsamba limodzi, mwina pano anakweza. Ali ndi sola ndiye magetsi akazima ntchito siima, ndipo muli fani, amene amadziwa kutentha kwa Salima mwezi wa Okutobala andimvetsa.

Chomwe mtsikanayu anandigometsa nacho ndi ichi. Akuika kalata yaukwati ya mayi ija, yachikasu kale ndi ukalamba, anaima kaye n'kuiyandikitsa kumaso n'kunena kuti achimwene taonani, apa dzina la amayi lalembedwa ndi l koma pachitupa ndi r, komanso apa pali h apa palibe. Ife zaka zonsezi sitinaonepo, paja kwathu kuno l ndi r ndi pachibale, aliyense amalemba momwe wamvera. Anandiuza kuti ndiwadziwitse achemwali msanga chifukwa azungu chilembo chimodzi amachitenga ngati ndi munthu wina. Pa izi zokha nyenyezi zisanu ndikanapereka osaganiza kawiri.

Vuto ndi bwana wake. Tsiku lachiwiri ndikulankhula ndi achemwali pafoni pakhonde pompo, bwanawo anali kumvetsera, nditadula anandiitanira mkati kuseri kwa katani komwe kuli tebulo lawo. Bambo ovala bwino, kolala yolimba, makiyi agalimoto patebulo. Akuti achimwene ndamva nkhani yanu, fayilo imeneyo yagona, ikungofunika woidzutsa, ine ndili ndi munthu wanga ku embase ku Lilongwe, sabata zitatu zokha asisi anu aitanidwa. Anandionetsa zithunzi pafoni za anthu atanyamula timbendera ta America eti onsewa ndinawathandiza ndine. Mtengo K180,000, theka pano theka zikatheka.

Ndisaname, mtima unandiuza kuti apa pali kanthu, koma ukakhala kuti wadikira miyezi khumi ndipo mayi ako akukufunsa tsiku ndi tsiku kuti mwanawe kulibe uthenga, mutu sugwira bwino. Ndinakawauza mayi, iwo osachedwa anagulitsa mpunga womwe anasunga, ine n'kuwonjezera zanga, K90,000 ndinatumiza pafoni. Risiti? Akuti zinthu ngati izi sitilemba achimwene, mukufuna munthu wanga achotsedwe ntchito? Ine n'kuvomera, mxii. Achemwali sindinawauze, ndimati ndidzawadabwitse.

Anandipempha nambala ya risiti ya fayiloyo, ija ya zilembo zitatu ndi manambala 10, ndinanamizira kuti ndikufuna ndizikawapempherera nayo achemwali anandipatsa akuseka. Kenako bwana aja anafunanso imelo ndi pasiwedi ya akaunti, apo ndiye ndinakanika kunama, ndinaulula zonse. Abale, foni imene ija sindidzaiwala, achemwali anandikalipira mphindi makumi atatu bandulo mpaka kutha, ndinagulanso ina kuti amalize.

Atatsika mtima ndi pomwe anandifotokozera momwe zimayendera, ndipo ndikulemba apa kuti wina asadzagwe m'mbuna yomweyi. Choyamba unzika wa munthu amene ali kale ku America sudutsa ku embase ya ku Lilongwe ngakhale pang'ono, embase imaona za ma viza a ife tili kunoku. Fayilo imakhala ku USCIS konko, ofesi ya boma la America yoona za unzika ndi anthu obwera, ndipo malamulo awo amati munthu asaitanidwe ku intaviyu mpaka FBI, nthambi ya apolisi ofufuza a boma lawo, itayankha kuti kafukufuku watha. Kafukufukuyo si mmodzi. Zidindo za zala zimapita pa kompyuta kukafanizidwa ndi za anthu omwe anamangidwapo, zimenezo sizichedwa kawirikawiri. Chomwe chimakonda kugwira anthu ndi kufufuza dzina, amatenga dzina lako ndi maina ena onse omwe unagwiritsapo ntchito, lakwanu, la kubanja, ngakhale kalembedwe kosiyana, n'kuwayendetsa m'mafayilo awo, likangofanana ndi la munthu wina amene ali m'mabuku mwawo ndiye pamafunika munthu weniweni akhale pansi atsimikize kuti si iwe. Ndiye taganizani maina athu, a Banda, a Phiri, a Mwale, ali ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Joni, kuwonjezera l ndi r uja. Sikuti wapalamula ayi, ukhoza kukhala woyera ngati ufa wa m'mphale wochapa koma fayilo n'kumadikirabe. Ndipo zotsatira za zidindo zimagwira ntchito miyezi 15, ikadutsa aziyendetsenso.

Njira zofunsira zilipo koma ndi za mwini fayilo ndipo zambiri ndi zaulere. Nthawi ikapitirira yomwe a USCIS analengeza umatumiza funso pa intaneti, ukhozanso kupempha ofesi ya phungu wa Congress wa dera lako kuti akufunsire, sulipira kanthu koma umasaina wekha chilolezo. Ukachita intaviyu n'kudutsa masiku 120 osayankhidwa, lamulo limakulola kupita kukhoti la boma lalikulu kuti woweruza aone nkhaniyo, apo ndiye anthu ambiri amafuna loya. Pa zonsezi palibe poti munthu wa pa Kamuzu Road angalowerepo. Komanso achemwali anati chomwe chinawaopsa kwambiri ndi pasiwedi ija, munthu akalowa mu akaunti n'kukasintha adiresi kapena kutumiza chikalata chabodza, pa intaviyu umalumbira kuti zonse zili mufayilo ndi zoona, bodza likapezeka unzika wapita ndipo ngakhale green card ikhoza kugwedezeka.

Ndinabwerera kushopu kuja kukafuna ndalama zanga. Ulendo woyamba akuti bwana apita ku Nkhotakota kumaliro. Wachiwiri ndinawapeza, anandilandira ndi nsangala, Fanta mpaka kundigulira, n'kutulutsa pepala mu dirowa eti achimwene zayamba kuyenda, munthu wanga watumiza lipoti. Kuliona pepalalo ndi tsamba lomwe lija aliyense amaliona ulere akalemba nambala ya risiti pa intaneti, mawu omwe aja oti fayilo ikuunikidwabe, iwo angolipulinta mwamakala n'kudindapo sitampa ya shopu yawo, deti n'kusaina. Sitampa ya pa Salima pa fayilo ya ku America! Ndinatulutsa foni yanga n'kuwaonetsa zomwezo, ndinati bwana izi ndiye K90,000? Mtsikana uja anangoweramira pa makina ake ngati sakumva koma ndinaona kuti manyazi amugwira iye m'malo mwa abwana ake.

Apo mawu anasintha, achimwene panalibenso, anayamba kunditi aise. Akuti ndalama zinapita kale kwa munthu wawo, akuti asisi anu ndi amene awononga dilu pokana pasiwedi. Nditatchula zoti ndipita kupolisi ndi uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndinatumiza ndalama ku nambala yawo, anafewa, sabata yotsatira anandibwezera K40,000. Yotsalayo akuti ndizidzajambulitsa mapepala ulere mpaka ikwane. K50,000 pa K500 ndi masamba 100, kaya ndiwatenga kuti, mwina ndisikane ndi makope a ana asukulu omwe.

Ndiye nyenyezi ndikupereka ziwiri, ndipo zonse ziwirizo ndi za mtsikana wa pakauntala. Kusikana, fotokope, zithunzi za pasipoti, kutumiza imelo, pitani ndithu, bola m'mawa kusanadzaze komanso netiweki isanayambe kuvuta. Za DV sindinayeseko kwa iwo, koma ndinaona anyamata awiri akulembetsa n'kutuluka opanda nambala yawo yotsimikizira m'manja, eti bwana amasunga okha, zimenezonso sizinandisangalatse. Akakuitanirani kuseri kwa katani nenani kuti kabaza akundidikira panja.

Achemwali anatumiza funso lawo, analemberanso ofesi ya phungu wa kwawoko, anayankhidwa kuti fayilo ilipo sinasowe, kafukufuku akadali mkati. Za l ndi r zija tikuyendera kuti mapepala a mayi afanane nthawi ikadalipo. Mayi ndinawabwezera ndalama ya mpunga wawo yonse, ndinatapa m'thumba mwanga, koma za sitampa ija sindinawauze. Lamulungu lapitali nditapita ku Senga Bay ndinawapeza akusankha mpunga pakhonde, moni asanamalize n'komwe akuti, nanga mwanawe, bambo a pa Kamuzu Road aja akuti bwanji, ayidzutsa?