KiVa: pulogalamu yothana ndi kuzunzana pasukulu imene imayamba ndi oonerera

Sukulu ya pulayimale imene mwana wanga amaphunzira kuno ku Wales imatsatira pulogalamu ya KiVa, ndipo ndikuona kuti makolo anzanga amene akufunira ana awo sukulu ayenera kuidziwa. Inakonzedwa ku yunivesite ya Turku m'dziko la Finland motsogoleredwa ndi Pulofesa Christina Salmivalli, unduna wa zamaphunziro wa dzikolo utapereka ndalama za ntchitoyi mu 2006, ndipo kuyambira mu 2009 inafalikira m'sukulu za dziko lonselo. Kuno ku Wales inafika kudzera ku yunivesite ya Bangor.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri ndi maganizo amene pulogalamuyi inamangidwapo. Ofufuza a ku Turku anaona kuti mwana wozunza anzake kawirikawiri amafuna kutchuka ndi kuopedwa, ndipo amene amamupatsa zimenezi ndi anzake oonerera: ena amamuthandiza, ena amaseka ndi kumuchemerera, ambiri amangokhala duu, pamene oikira kumbuyo wozunzidwayo amakhala ochepa. Choncho KiVa sithera mphamvu zake pa wolakwa yekha, koma imaphunzitsa kalasi yonse kuti woseka nayenso watengapo mbali, ndiponso kuti pali njira zothandizira mnzako popanda kudziika pangozi. Aliyense amene anaphunzira kusekondale yogonera komweko kwathu ku Malawi, n'kuona mmene ana a Fomu 1 ankazunzidwira khamu la anzawo likuombera m'manja, sangatsutse mfundo imeneyi.

Maphunziro ake amaperekedwa m'kati mwa chaka chonse kudzera m'zokambirana, timasewero, mavidiyo ndi masewera apakompyuta, ndipo aphunzitsi oyang'anira ana pa nthawi yopuma amavala zovala zowala kuti azioneka patali.

Mbali imene ndimaiyamikira koposa ndi kasamalidwe ka madandaulo. Sukulu iliyonse imakhala ndi kagulu ka aphunzitsi kapena ogwira ntchito pafupifupi atatu amene amalandira nkhani za kuzunzana. Iwo amayamba acheza ndi mwana wozunzidwayo payekha kuti amve mbali yake modekha, kenako amakumana ndi ozunzawo mmodzimmodzi ndi kuwafunsa chimene aliyense achite kuti zinthu zisinthe, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri amawaitananso onse kuti aone ngati malonjezowo akusungidwa. Nayenso mphunzitsi wa kalasi amapempha ana angapo amene anzawo amawalemekeza kuti aziyenda ndi kusewera ndi wozunzidwayo. Kwa ine kubwereranso kumeneku ndiko kofunika, chifukwa mwana amene wadandaula kamodzi n'kuona kuti nkhani yake yangothera m'malere sadandaulanso kachiwiri.

Sindinganene kuti pulogalamuyi imathetseratu vutoli. Kafukufuku amene anachitika m'sukulu za pulayimale 118 ku England ndi Wales, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, anapeza kuti chiopsezo choti mwana azunzidwe chinatsika ndi 13 peresenti poyerekeza ndi sukulu zosatsatira pulogalamuyi. Kutsika kumeneku ndi kwenikweni, koma kukusonyezanso kuti ana ambiri akuvutikabe. Ku Finland komwe zotsatira zake zinali zooneka bwino kwa ana a pulayimale kusiyana ndi achinyamata a kusekondale. Komanso sukulu imalipira kuti ipeze zipangizo ndi maphunziro a aphunzitsi, ndipo zonse zimadalira nthawi ya aphunzitsi amene ali kale ndi ntchito yambiri.

N'chifukwa chake ndikulangiza kholo lililonse kuti lisakhutire ndi chikwangwani cha KiVa pakhoma la sukulu. Funsani a hedi kuti ali m'kagulu kolandira madandaulo ndani, ngati maphunziro onse akuperekedwadi, ndiponso zimene ana anayankha pa kafukufuku wachinsinsi amene pulogalamuyi imachititsa chaka ndi chaka.