Miyezi isanu ndi inayi ndili ndi ma Roadster awiri ku Salima

Mu Malichi ndinanena kuti Mazda Roadster ya 2016 yomwe ndinaitanitsa ku Japan ikangofika, kagogo kanga ka 1991 ndikagulitsa. Lero ndi Disembala, zonse zili pakhomo, ndipo mayi a kunyumba anatopa n'kufunsa.

Kagogoko ndi Eunos Roadster, dzina lomwe Mazda MX-5 yoyamba (kagalimoto ka denga lotsegula, komwe kamatchedwanso Roadster), ija inatuluka mu 1989, inkadziwika nalo ku Japan: injini ya 1.6, magiya asanu, nyali zotukuka ngati maso a chule. Yatsopanoyi ndi ya m'badwo wachinayi womwe unayamba mu 2015, injini ya 1.5, magiya sikisi. Kulemera n'chimodzimodzi, chapafupi ndi tani imodzi, n'chifukwa chake zonse zimakhota mopepuka pamsewu wa ku Senga Bay.

Mu Okutobala yatsopano inandigwira mtima. Dzuwa la kuno mumalidziwa. Kutsegula denga ndi kwa m'mawa ndi madzulo basi, masana liwombo limapsa. Ndiye umatseka ndi dzanja limodzi uli pampando, n'kuyatsa AC, ulendo. Kagogo zenera lake lakumbuyo ndi la pulasitiki ya zipi, linachita chikasu kalekale moti wakabaza akakhala kumbuyo umangoona chithunzithunzi. Petulo nayenso yatsopano imamwa mwaulemu, ndipo akasowa ndi pomwe umaithokoza.

Koma tsiku lina ndikupita ku Nkhotakota pa M5 ndinamenya dzenje, tayala n'kung'ambika m'mbali. Nditsegule kumbuyo, sipeya mulibe. Amangoikamo kabotolo komatira ndi kapampu, zomwe pa tayala long'ambika ndi nthabwala. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango maola atatu kudikira alamu. Kagogo kali ndi kasipeya kake, kowonda ngati ka njinga yamoto, koma kamakufikitsa kwanu.

Za makaniko ndiye zinandimaliza. Lediyeta ya kagogo itasweka pamwamba (pulasitiki yake ikayamba kufiirira dziwani kuti yatopa), mnyamata wina wa pa Kamuzu Road anasintha tikucheza. "Achimwene, iyi ndi galimoto yomva Chichewa," anatero akupukuta manja. Yatsopano itayatsa kanyali ka injini, yemweyo anangosuzumira n'kutsekanso boneti. Ndinapita mpaka ku Lilongwe kuti akaike pa kompyuta, n'kupeza kuti ndi kasensa kodetsedwa ndi fumbi.

Dzimbiri layamba kudya kagogo m'munsi mwa zitseko, sindikubisa. Komabe Loweruka ndikamatuluka, kiyi yemwe dzanja limatola ndi wake, ndipo ana a pamsika amandiimitsa: "Ankolo, iphethire!" Ndimatukula nyali, iwo n'kukuwa.

Alamu afunsa kawiri mtengo wa yatsopano ija. Ndawauza kuti tikambirane kutentha kukatha.